Khosi la a Daka Linadikira Riboni

A Amock Daka sankayang'ana munthu kumaso, ndipo obwera kumene ku Kabwata, mu Lusaka, ankati ndi bambo wodzichepetsa. Ife oyandikana nawo tinkangoseka. Kudzichepetsa kwake kuti, munthu woti ankatha kukalipira nyundo yake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo? Chimene chinkawaweramitsa ndi chipsera cha moto. Chinayambira pansi pa mlomo n'kutsika pakhosi mpaka pachifuwa, cholimba ngati chikopa cha ng'oma, ndipo chinakokera chibwano pansi moti mutu sunkadzuka. Wofuna kuwaona m'maso ankayenera kugwada, apo ayi akhale mwana. Ine ndinakulira nyumba yotsatana ndi yawo, choncho maso awo ndinawadziwa ndili wamfupi, ndipo ndimawatchula kuti atate ngakhale si ondibala.

Anachoka ku Katete ali mnyamata n'kudzalowa ntchito pa fakitale ya boma yosungunula zitsulo ku Heavy Industrial Area. Anakhala pang'anjo zaka zambiri osapsa ndi chala chomwe. Ndiye mu 1993 unyolo wonyamula chidebe cha chitsulo chamoto unaduka, poti panalibenso wogula unyolo watsopano pa fakitale yoti aliyense ankadziwa kuti ili pamsika. Ali chigonere m'chipatala fakitaleyo inagulitsidwa, monga mmene zinkagulitsidwira zinthu za boma zaka zimenezo. Atachira anapita kukaonekera. Anapeza geti lapakidwa penti ina, mlonda wachilendo, ndi mawu akuti eni ake atsopano sakudziwa za anthu akale. Anabwerera wapansi mpaka ku Kabwata. Akazi awo, amayi Bernadette, amati tsiku limenelo bambowo sanadye, anangofunsa kumene kunali nyundo.

Kuyambira pamenepo anakhala okhoma mbaula. Migolo yakale, zitseko za magalimoto akufa, chilichonse cha lata chikafika pabwalo pawo chinkatuluka chili mbaula, ndipo mbaula ya a Daka inkadutsa mvula zingapo isanabooke pansi. Amayi ankagulitsa pamsika. Ndi zimenezo anaphunzitsa ana awo onse, kuyambira woyamba, Jabulani. Lamulungu ankaimba besi m'kwaya ya mpingo wa Reformed, ndipo chifukwa cha kuwerama kuja mawu awo ankagunda pansi, ife n'kumawamva m'mabenchi.

Ine nditakula ndinaphunzira ntchito yogoneka odwala pa opaleshoni, n'kusamukira ku Chelstone. Ndikapita kukawaona sankalephera kundiseka.

"Iwe Thandi, banzako bapolesa banthu, iwe ni kugoneka chabe? Iyo nchito olo ba abusa baikwanisa pa Sande."

Ntchito yathuyi ili ndi malo amodzi oopsa. Munthu akagona tulo ta mankhwala amasiya kupuma yekha, ndiye timalowetsa chubu cha pulasitiki kudzera pakamwa mpaka m'kholingo kuti makina azimupumira. Kukhosi kuli njira ziwiri, ya mpweya kutsogolo, ya chakudya kumbuyo. Chubu chikasochera n'kulowa ya chakudya, wodwala akhoza kufa iwe uli chiimire kumutu kwake. Kuti tione khomo la mpweya timagwiritsa ntchito chitsulo chopindika ngati supuni, chokhala ndi kagetsi kunsonga, chimene timangochitchula kuti buledi. Timagadamitsa mutu, buledi n'kukankhira lilime pambali, mpaka pakamwa ndi kholingo zikhale mzere umodzi woti diso lidutse. Zonsezi zimafuna mutu wogadama, ndipo wa a Daka unasiya kugadama kalekale.

Bala linayamba mu 2017, pakati penipeni pa chipsera. Iwo ankangothirapo mafuta a mabuleki, monga amachitira anthu a nyundo akadzicheka. Silinapole. Amayi anachita kuwakoka mpaka kuchipatala chimene ndimagwirako, ndipo dokotala wa opaleshoni, a Kampamba, anadulapo kanyama n'kukapimitsa. Inali khansa. Zipsera zakale za moto nthawi zina zimatero, zimakhala chete zaka zambiri kenako n'kutembenuka. Koma balalo linali lidakali laling'ono, losaposa chitsekerero cha botolo. A Kampamba anati alichotsa lonse, atseke malowo ndi khungu la pantchafu, ndipo pomwepo amasulenso khosi.

"Muzayamba kuona ndeke mumwamba, mudala," anatero a Kampamba.

"Ndeke nizachita nazo chani?" anayankha a Daka. "Nifuna chabe nimweko tiyi monga munthu, osati na kapaipi monga mwana."

Tinawalowetsa m'fiyeta, chipinda cha opaleshoni, mwezi wa Seputembala. Ndinawagoneka ndine. Nditalowetsa buledi ndinangoona lilime ndi nyama yofiira ya kumbuyo kwa mmero, basi. Khomo la mpweya linali penapake kutsogolo, kuseri kwa kona imene diso silingakhote. Dokotala wamkulu wa gulu lathu anayesa naye, ndi buledi yaitali, ndi yaifupi, osaona kanthu. Makina oyeza mpweya m'magazi anayamba kutsitsa kulira kwake, ndipo aliyense wogwira m'fiyeta amadziwa kuti kulira kumeneko kukamatsika imfa ili pakhomo. Kwa munthu wina tikanaboola pakhosi n'kulowetsa chubu pamenepo, koma apa khansa inakhala ndendende pamalo oboolawo. Tinawapopera mpweya ndi manja, awiri kugwira nsagwada, mmodzi kufinya thumba, mpaka anadzuka. Mpeni wa a Kampamba sunawakhudze n'komwe.

Atatsitsimuka, mlomo uli wotupa, anandiyang'ana cham'mwamba.

"Uyu mukosi unakana nsimbi ya moto. Ungamvele iwe?"

Mwezi wotsatira kunabwera uthenga wondisangalatsa kuposa wina uliwonse pa ntchito yanga. Bungwe lina lachifundo lakunja linapatsa chipatala chathu makina otchedwa vidiyo laringosikopu, ndipo angapo a ife tinaitanidwa kukaphunzira pa loji ina ku Kabulonga. Mphunzitsi anabwera ndi makina akeake ndi chidole cha mutu wa munthu. Makinawo ndi buledi yomweyo, koma yopindika kwambiri ngati chala chokodola, ndipo kunsonga kwake kuli kakamera. Zimene kakamerako kakuona zimaoneka pa sikirini yaing'ono pambali. Diso silifunikanso mzere wowongoka. Kamera ndiyo imakhota kona ija, mutu wa wodwala uli momwe ulili.

Mphunzitsiyo anamanga khosi la chidole ndi bandeji kuti lisagwedezeke, n'kutiuza kuti tiyese. Anatiphunzitsa kuti maso asathamangire pa sikirini. Uyambe wayang'ana m'kamwa polowetsa buledi kuti usathyole mano, kenako pa sikirini kufuna khomo, kenako m'kamwanso polowetsa chubu kuti usabaye nyama, ndiye pa sikirini pomaliza. Anatiuzanso kuti kuona khomo si kulowa. Chubu chimafuna waya wolimba m'kati, wopindidwa mofanana ndi buledi, kuti nacho chikhote. Chikafika pakhomo umabweza wayayo pang'ono n'kuchipotoza, apo ayi chimangogunda denga la kholingo. Ndipo buledi ukaikankha kwambiri umaona bwino koma umatseka njira ya chubu, ndiye ubwerere m'mbuyo pang'ono. Ndinalowetsa chubu m'chidole chija mpaka anzanga anayamba kudandaula kuti ndikuwamana.

Madzulo ake sindinapite ku Chelstone. Ndinakwera minibasi ya ku Kabwata.

"Atate, njila yapezeka. Kwabwela mashini ili na kamela. Mukosi wanu siuzativutanso."

Amayi anaomba m'manja n'kuyamba nyimbo. A Daka anangoti, "Tizaona," koma nyundo anaiika pansi, ndipo anandifunsa mafunso ambiri za mmene buledi ija inapindikira, poti za zitsulo zopinda anali kuzidziwa.

Lolemba ndinapita kukatenga makina athu. Ndinauzidwa kuti ali mu ofesi ya mayi Chipasha, oyang'anira katundu ndi zochitika za chipatala. Ndinawapezadi. Bokosi lake linali pamwamba pa kabati, losatsegula, lomatidwa tepi ya bungwe lija, ndipo wina anayalapo kansalu koluka n'kuikapo vazi ya maluwa a pulasitiki.

"Muli shani, ba Thandizo?" anandilonjera mayi Chipasha.

"Nili bwino. Nabwela kutenga mashini ya ku fiyeta."

"Mashini iti?"

"Iyo ili pansi pa maluba."

"Awe mwandi, ija ikalibe kunkhala yathu."

"Manje ili mu ofesi mwanu."

"Kufika yafika, koma handiova ikalibe. Ba gesiti babwele, badule liboni, ba nyuzi bajambule, ndiye muzatenga. Imwe ku kicheni pate ya ukwati mumayamba kuphikila mu mapoto bakalibe kuonesa banthu?"

Ndinawafotokozera za a Daka, za bala, za mmene tinatsala pang'ono kuwataya. Ndinati tigwiritse ntchito kamodzi kokha, titsuke, tibweze m'bokosi, palibe adzadziwe. Mayi Chipasha analoza tepi. Anati tepi imeneyo ikaduka adzayankha chiyani kwa opereka mphatso? Anandiuza za amene anali pampandowo iwo asanabwere. Ambulansi yatsopano inatumidwa kukatenga mayi wapakati mwambo usanachitike, inabwera itakalika pachitseko, mlendo wolemekezeka anaona, ndipo munthuyo anasamutsidwira kuboma lakutali kumene ngakhale foni sigwira. Iwo ali ndi ana pasukulu ku Woodlands, anatero, sangayese.

Mwambo umenewu si wa mayi Chipasha okha, ndipo ndicho chimandipsetsa mtima. Kwathu kuno chinthu chopatsidwa sichikhala chako mpaka wamkulu atachigwira pamaso pa anthu. Mjigo umakumbidwa, madzi alimo, amayi n'kumatungabe kudambo poti bwana sanabwere kudzapopa koyamba. Chipinda cha sukulu chimatha, ana n'kumaphunzirabe pansi pa mtengo, chitseko chili ndi loko. Tinazolowera mpaka timaona ngati ndi ulemu. Ulemu wanji woti mphatso ilemekezeke kuposa munthu amene inabwerera? Chitsulo chimene chija sichinkadziwa n'komwe kuti chili pansi pa maluwa, koma khansa ya a Daka inkadya usana ndi usiku.

A Kampamba anapita okha kwa akuluakulu a chipatala. Anawayankha kuti mwambo uchitika Khirisimasi isanafike, angodekha. A Kampamba anayesa kutumiza a Daka kuchipatala china chimene chinali ndi zida za makosi ovuta. Kumeneko mzere unali wautali, ndipo atamva kumene achokera anawabweza, amvekere kwanuko mwalandira makina atsopano, bwanji mukudzatipanikiza kuno? Mbiri ya mphatso inali itayenda kale. Choncho bokosi lija linawatsekera makomo awiri, lakwathu ndi la chipatala chinacho.

Disembala inafika, mlendo wolemekezeka anali kunja kwa dziko. Anati Januwale. Januwale kunagwa kolera mu Lusaka, misonkhano inaletsedwa, asilikali anadzaza m'tauni kuchotsa ogulitsa m'misewu. Ndinabwereranso kwa mayi Chipasha. Ndinati poti anthu sakuloledwa kusonkhana, mwambo palibe, tipatseni makina. Anati ndiye m'pamene ayenera kusamala kwambiri, chifukwa tsiku lililonse lamulo likhoza kuchotsedwa. Kolera itachepa, opereka mphatso anali atabwerera kwawo, ndipo ankafuna kudzakhalapo. Iwo atapeza tsiku, mlendo wolemekezeka anasinthidwa udindo, wobwera m'malo mwake anafuna kuti dzina lake ndilo lilembedwe pa kachitsulo kokhoma pakhoma. Kachitsuloko kanakalembedwa ku Joni.

Nthawi yonseyi ine ndinkapita ku Kabwata Loweruka kukatsuka bala. Linachoka pa chitsekerero cha botolo, linafika pa chivundikiro cha chitini, kenako chikhatho changa sichinkaliphimba. Linayamba kununkha. A Daka anasiya kwaya okha, anati sakufuna kuti anzawo aziimba atagwira mphuno. Nyundo anaisiya mu Malichi poti kugunda kulikonse kunkawabaya mpaka m'khutu. Pansi pa nsagwada panatuluka anabere olimba. Munthu amene ankakalipira chilichonse anayamba kukhala chete pakhonde, ndipo kukhala chete kumeneko kunkandiopsa kuposa bala.

Amayi anavala chitenje cha mpingo n'kupita okha ku ofesi kuja, ine ndili pambuyo. Anagwada pasimenti, mayi wamkulu woti akanatha kubala mayi Chipasha.

"Mwana wanga, nipempha. Atate bake Jabu basila. Tibwelekeniko chabe, tizabweza."

Mayi Chipasha anatuluka kuseri kwa tebulo, anawagwira manja, misozi ili m'maso. Misoziyo inali yeniyeni, ndinaiona.

"Imani, mayo. Mulungu alipo. Vinthu vili pafupi, deti yapezeka."

Bokosi linali pamwamba pa mitu yawo onse awiri. Ine ndinaliyang'ana, ndinayang'ana kabati, ndinayang'ana mlonda amene ankaima pakhomo la ofesiyo. Ndinatuluka mtima ukuwira, moti ndinakalipira mayi wosalakwa wogulitsa nthochi pageti.

Mwambo unaikidwa Lachisanu lina mu Meyi. Lachinayi masana mayi Chipasha anandiitanitsa. Ndinalowa n'kupeza maluwa ali pansi, bokosi lili patebulo, iwo atagwira lezala.

"Bwelani, ba Thandizo. Mailo ndimwe muzaonesa ba gesiti mwamene isebenzela. Manje tifunika tichaje batili na kupanga pulakatisi, tisachite manyazi."

Ndipo anadula tepi ija. Anaidula ine ndikuona, mosavuta, monga mmene munthu amatsegulira paketi ya shuga. Anatulutsa makina, tinawatchaja, anandiuza kuti ndiyeserere pa chidole chimene bungwe linatumiza, anandiuzanso mbali yoti ndidzaimire kuti ndisatchinge ojambula. Titamaliza anabweza zonse m'bokosi, anatsegula dirowa, anatulutsa tepi ina yogula m'tauni n'kumata bwinobwino.

"Ba Chipasha," ndinatero, "si imwe munakamba ati tepi siingaduke?"

"Iyi ni pulipaleshoni ya handiova," anayankha, osaona n'komwe chimene ndinkafunsa. "Ni yololedwa."

Sindinatukwanepo munthu pantchito, koma tsiku limenelo ndinachita kudziluma lilime. Tepi imene inaimitsa opaleshoni kuyambira Okutobala inali yotheka kudula ndi kumatanso nthawi ina iliyonse. Sinkaduka chifukwa cha munthu wodwala. Inaduka kuti mlendo asadikire batire.

M'mawa mwake anakhoma tenti pabwalo la magalimoto, odwala obwera ndi matakisi n'kumatsikira kumsewu. Manesi anavala zoyera zochita kuwala, anaimba nyimbo yothokoza. Mlendo anafika dzuwa litapendeka, anthu atapsa m'mipando. Analankhula kuti kuyambira lero palibe munthu adzatayenso moyo chifukwa cha khosi lovuta, anthu n'kuomba m'manja. Anadula riboni, anadula tepi ya m'tauni ija, palibe anazindikira kanthu, ngakhale azungu a bungwe lija. Kenako anaitana ine. Ndinaimirira mbali imene anandiuza, ndinalowetsa buledi m'kamwa mwa chidole, khomo la pulasitiki linaoneka pa sikirini, chubu chinalowa. Kunamveka nthungululu. Chidole chopanda mapapo chinathandizidwa pamaso pa makamera, a Daka ali pakhonde ku Kabwata akuingitsa ntchentche pakhosi.

Sabata yotsatira tinawalowetsa m'fiyeta. Anali ataonda moti tinawanyamula awiri okha. Ulendo uno sindinawagoneke tulo tonse poyamba. Ndinawapopera mankhwala ochititsa dzanzi m'kamwa ndi kummero, ndinawapatsa owodzeretsa pang'ono kuti azipumabe okha, poti ndinkaopa kuti chotupa chapanikiza njira. Pakamwa pawo pankatseguka zala ziwiri, ndipo zinakwanira. Ndinayang'ana m'kamwa, buledi inadutsa mano n'kutsata lilime. Ndinayang'ana pa sikirini. Poyamba ndinali nditapitirira, ndinkaona khomo la chakudya. Ndinabwerera pang'ono, kachivundikiro ka kholingo kanagwera pa sikirini, ndinakanyamula, ndipo khomo lija linaoneka lonse, timinofu tiwiri toyera tikutseguka ndi kutsekeka pamene bambowo ankapuma. Linali loyera bwino, lopanda chotupa, lotakasuka. Ndinawonjezera mankhwala, ndinalowetsa chubu ndi waya wake, chinafika pakhomo, ndinabweza waya, ndinapotoza, chinalowa. Chifuwa chinakwera mbali zonse ziwiri.

M'fiyeta palibe anaomba m'manja. Nesi wina anangoti, "Basi?"

A Kampamba anayamba ntchito yawo. Anadula mozungulira bala, analowa pansi, anatsata anabere aja. Kenako manja awo anaima. Anandiitana ndi mutu kuti ndisuzumire. Khansa inali itazinga mtsempha waukulu wopita kumutu ngati mmene chingwe chimazingira mtolo, ndipo inali italowa pansi pa fupa la pachifuwa kumene mpeni sungafike. Mu Okutobala zonsezi kunalibe. Anachotsa zimene zikanachepetsa fungo ndi ululu, anatseka. Khosi sanalimasule, panalibenso chifukwa chowazunzira ndi bala lina pantchafu. Anavula magolovesi n'kuwaponya pansi, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. A Daka anali ndi miyezi yochepa, ndipo inathadi mu Ogasiti.

Ndinakhala nawo m'chipinda chotsitsimukira masana amenewo. Amayi anali pabenchi panja. A Kampamba anati abwera adzalankhule nawo onse awiri akasamba. A Daka anatsegula maso, ine ndinagwada pambali pa bedi kuti tionane.

"Thandi," anatero, mawu ali osasa. "Chaloba?"

"Chaloba, atate."

"Chinavuta?"

"Iyayi. Sichinavute olo pang'ono. Kuphethila chabe."

Ananyamula dzanja pang'onopang'ono n'kupapasa bandeji. Anayesa kudzutsa mutu. Chibwano chinali pomwe chinali. Anapapasa ntchafu, imodzi kenako inayo, napeza kuti palibe bala. Sanandifunse kanthu. Munthu amene wakhala ndi zitsulo moyo wake wonse amadziwa ntchito imene yasiyidwa pakati.

"Ba Kampamba bazabwela bakambe na imwe," ndinatero.

Anayang'ana bulangete.

"Kuphethila chabe," anabwereza. Ndinadikira kuti akalipe, atukwane chipatala, atukwane ine, ndipo ndinkafuna atatero. Koma anandigwira dzanja, zala zawo zokhakhala zija zilibenso mphamvu. "Amai bako banagwada pa simenti chifukwa cha ichi. Usabauze ati chinali chapafupi. Ubauze ati chinavuta maningi."

Ndinatuluka. Amayi anaimirira pabenchi atagwira chikwama chawo ndi manja awiri, akundiyang'ana pakamwa.

"Mwana wanga, mashini yasebenza?"

"Yasebenza, amai," ndinatero. "Koma chinavuta maningi."